Mphepo, Madzi ndi Malo m'Ciphunzitso ca Asing'anga a ku Greece

Mwa mabuku a zamankhwala amene Agiriki akale anatisiyira muli lina lonena za mphepo, madzi ndi malo, lolembedwa ca m'ma 400 B.C. Mwambo umati mlembi wake ndi Hippocrates wa pa cisumbu ca Kos. Bukuli lilangiza sing'anga wofika mumzinda wacilendo kuti ayambe wafufuza kumene mzindawo wapenya, mphepo zoomba kumeneko, ndi madzi amene eni ake amamwa. Mzinda wopenya kum'mawa ndiwo unayesedwa wathanzi koposa, pamene wolandira mphepo zotentha zakummwera unali wa anthu odwaladwala m'mimba.

Cimene tifuna kuunika makamaka ndi nkhani ya madzi. Mlembiyo anaona kuti akumwa madzi osayenda a m'madambo amakhala ndi kapamba wotupa ndi wolimba. Lero tidziwa kuti ici ndi cizindikiro ca malungo obwerezabwereza. Tsono diso lake linaona zoona, koma mlandu anaupereka kwa madzi, udzudzu woswana m'madzimo nkuusiya. Asing'anga a ku Ulaya anapitiriza kuloza cala dambo ndi mpweya wake kwa zaka zoposa 2,000, kufikira Alphonse Laveran atapeza kacilombo ka malungo m'magazi mu 1880, ndipo Ronald Ross atakapezanso mu udzudzu mu 1897.

Motero tiona kuti Agiriki analakwa pa coyambitsa nthendayi, koma langizo lao lakuti sing'anga adziwe malo asanaciritse munthu likali ndi nchito kulikonse kumene malungo avuta.