Akavalo a David Bruce pa Phiri la Ubombo

M'chaka cha 1894 ng'ombe zinali kutha ndi nthenda ya nagana m'dziko la Azulu. Eni dziko anati ichokera ku msipu wodyapo nyama zakutchire. Alenje achizungu anati ndi ululu wa kashembe. David Bruce, sing'anga wa asilikali, anaona tizilombo m'mwazi wa ng'ombe zodwala, nafuna kudziwa polowera pake. Tsono anatsitsira akavalo athanzi kuchigwa cha kashembe, osawalola kudya kapena kumwa komweko, anadwalabe. Pambuyo pake anakwera nazo ntchentchezo kuphiri, nalumitsa kavalo wosatsikako, nayenso anadwala. Chomwecho kunadziwika kuti kashembe alibe ululu, koma asenza tizilombo kuchokera m'mwazi wa nyama zakutchire. Azulu ndi alenje omwe anali ataona mbali imodzi yokha.