Nkhalango ya Landes: njira za njinga pamene kale panali msipu wa nkhosa

Anzanga aphunzitsi, ndi inu nonse amene munadutsa m'kalasi mwanga, lero ndikufuna tipite kutali pang'ono, ku France. Kum'mwera chakumadzulo kwa dzikolo, kuyambira cha ku Bordeaux kutsika mpaka kufupi ndi Bayonne, kuli nkhalango ya mitengo ya paini yotchedwa Landes de Gascogne. Kukula kwake ndi mahekitala pafupifupi 1 miliyoni, ndipo kumadzulo kwake yatsamira nyanja yamchere ya Atlantic. Kuti mumvetse kukulako, tengani Chikangawa yathu ija nthawi imene inali yodzadza, mahekitala 53,000, ndipo muiyale maulendo pafupifupi 19. Masiku ano anthu ambiri amaidziwa nkhalangoyi chifukwa cha njinga. Nyengo yotentha ikafika, alendo amabwereka njinga m'matauni a m'mphepete mwa nyanja monga Lacanau, Mimizan ndi Hossegor, n'kumapalasa mumthunzi tsiku lonse. Ambiri amaganiza kuti mitengoyo ndi yachilengedwe, yoti inalipo kuyambira kalekale. Chonsecho mbali yaikulu ya nkhalangoyi sinakwanitse n'komwe zaka 200, ndipo inadzalidwa chifukwa cha lamulo la boma.

Za njingazo ndinene mwachidule. Njinga zokwerera mapiri, za matayala onenepa ndi magiya ambiri zija, zinayambira ku California m'zaka za m'ma 1970, pamene anyamata a ku Marin County ankatsetsereka ndi njinga zakale m'misewu yafumbi ya kumapiri. Mpikisano wawo wotchedwa Repack unayamba mu 1976, ndipo pofika 1996 masewerawa analowa m'mipikisano ya Olympics ku Atlanta. Afalansa amazitcha VTT, kutanthauza njinga yoyenda paliponse. Dzina limeneli ndi limene likuyenera ku Landes, chifukwa kumeneko phiri kulibe. Kuli chigwa chokhachokha, ndipo zitunda zimene zilipo ndi milu ya mchenga ya m'mbali mwa nyanja.

Ine ndinapalasako tsiku limodzi lokha, cha ku Lacanau, pamene ndinali ku Bordeaux pa maphunziro a aphunzitsi a Chifalansa. Munthu wozolowera zitunda za kwathu amayamba ndi kunyoza, koma mchenga umamuphunzitsa ulemu. Ukasiya njira ya phula n'kulowa m'kanjira ka m'mitengo, tayala lakutsogolo limatitimira, njinga n'kuima yokha ngati wina wagwira keriyala. Pamene pali masamba ouma a paini m'pamene pamayendeka bwino. Kafungo ka utomoni kali ponseponse, ndipo nyanja umaimva kulira usanaione. Chimene chinandigwira mtima ine monga mphunzitsi wa mbiri yakale ndi mizere. Mitengo ili m'mizere ngati chimanga, ngalande n'zowongoka, ndipo misewu ikudutsana ngati mizere ya m'kope la masamu. Malo otere amakhala kuti wina anawajambula papepala asanawadzale.

Mbiri yake ili pawiri, ndipo ana asukulu amakonda kusakaniza mbali ziwirizi. Mbali yoyamba ndi ya mchenga wa m'mphepete mwa nyanja. M'zaka za m'ma 1700 mphepo yochokera kunyanja inkasuntha milu ya mchenga kulowera kumtunda chaka ndi chaka, n'kumakwirira minda ndi nyumba. Ku Soulac tchalitchi chathunthu chinakwiririka, anthu n'kuchithawa, ndipo anadzachifukula m'zaka za m'ma 1800. Mchengawo unkatsekanso njira za madzi opita kunyanja, madzi n'kumadikha kumtunda. Injiniya wa boma dzina lake Nicolas Brémontier anayamba kuyesa njira yoimitsira mchengawo cha ku La Teste kumapeto kwa zaka za m'ma 1780. Ankamanga mipanda yotchinga mphepo, kufesa njere za paini pamodzi ndi za zitsamba zomera msanga, kenako n'kuphimba ndi nthambi kuti mphepo isaulutse mbewu. Zitsambazo zinkateteza timitengo mpaka titakhwima. Mu 1801 boma linalamula kuti ntchitoyi ichitike m'gombe lonselo, ndipo inatenga zaka makumi angapo.

Mabuku ambiri amapereka ulemu wonse kwa Brémontier. Koma anthu ena a m'deralo anali atalemba kale maganizo omwewo, ndipo eni dera ankadziwa kufesa paini pamchenga iye asanafike. Inu amene munali m'kalasi mwanga mukukumbukira zimene tinkanena za mzungu amene akuti anatulukira nyanja imene asodzi ankawedzamo kale usipa. Matenda amenewa si a mabuku athu okha.

Mbali yachiwiri, imene ndi yaikulu, ndi ya kumtunda. Kumeneko kunali chipululu cha udzu ndi zitsamba, chosalala ngati tebulo. Pansi pa mchenga pali mwala wolimba umene eni ake amautcha alios, ndipo chifukwa cha kusalala kwa dziko ndi mwalawo, madzi a mvula ankangodikha miyezi yambiri ngati dambo. Alendo ochokera ku Paris ankalemba kuti ndi dziko lopanda ntchito, la malungo ndi umphawi. Malungo analikodi. Koma dzikolo silinali lopanda eni. Kunali midzi, ndipo moyo wa midziyo unatsamira pa nkhosa. Phindu lalikulu la nkhosazo silinali nyama kapena ubweya, koma ndowe. Masana zinkadya m'chipululu cha mudzi wonse, usiku n'kugona m'khola loyalidwa zitsamba, ndipo manyowa a m'kholamo ndi amene ankathira m'timinda ta mbewu ya rye yopangira buledi. Nthaka yamchenga popanda manyowa sibereka kanthu. Choncho chipululu chija, chimene mlendo ankachiona ngati malo ongotayika, ndi chimene chinkadyetsa munda.

Abusa ake ankayenda pa ndodo zazitali zomangirira kumiyendo, ngati Makanja wa kudambwe, kuti aziona nkhosa patali komanso kudutsa m'madzi ndi m'minga mosavuta. Luso lawo linali lalikulu moti mu 1891 Sylvain Dornon, wophika buledi wa ku Arcachon, anayenda pa ndodo zoterezi kuchokera ku Paris mpaka ku Moscow masiku 58. Koma pa nthawiyo ndodozo zinali zitayamba kale kusanduka zongoonetsera alendo.

Chimene chinasintha zonse ndi lamulo la pa 19 June 1857, mu ulamuliro wa Napoleon III. Zaka zingapo m'mbuyo mwake, injiniya wina, Jules Chambrelent, anagula malo ku Cestas mu 1849 n'kuonetsa kuti ukakumba ngalande zochotsa madzi, paini amamera bwino lomwe. Lamulo lija linakakamiza midzi kuti iumitse malo ake odyetsera ziweto ndi kudzalapo mitengo. Mudzi ukalephera, boma linkatha kugwira ntchitoyo lokha n'kudzabweza ndalama zake pamalo omwewo. Nanga mudzi wosauka ndalama zokumbira ngalande ukanazitenga kuti? Midzi yambiri inagulitsa mbali ya malo ake kuti ipeze ndalamazo, ndipo ogula anali anthu a ndalama kale: eni minda ikuluikulu, amalonda, ndi olemera a m'matauni. Mfumu yomweyo inagula mahekitala masauzande angapo mu 1857, malo amene pambuyo pake anatchedwa Solférino.

Apa ndi pamene ndimafuna kuti ana aime n'kuganiza. Palibe msilikali amene anabwera kudzathamangitsa mbusa. Malo a mudzi wonse anangosanduka a munthu mmodzi, mwalamulo, ndi zikalata zonse. Nkhosa zinaletsedwa kulowa m'minda ya timitengo, msipu unachepa, manyowa anachepa, ndipo timinda ta rye tinafooka. Abusa ena anabwezera potentha mitengo yongodzalidwa kumene, koma sizinabweze kanthu. Ife amene timaphunzitsa za maesiteti a ku Thyolo ndi Mulanje, kapena za malo a makolo amene anasanduka minda ya fodya ya anthu apamwamba m'zaka za m'ma 1970, nkhani imeneyi si yachilendo kwa ife. Sindikunena kuti n'zofanana ndendende, chifukwa ku Landes kunalibe atsamunda ochokera kunja. Koma funso loti malo opanda ntchito ndi opanda ntchito kwa yani, ndi lomwelo.

Tikanakhala kuti sitikudziwa zambiri za moyo wakalewo pakanapanda munthu wina wa ku Labouheyre, Félix Arnaudin, amene anabadwa mu 1844 n'kumwalira mu 1921. Iye anaona dziko la ubwana wake likumira m'mitengo, ndipo anathera moyo wake akujambula zithunzi za abusa, makola ndi chipululu, komanso kulemba nthano ndi nyimbo za m'chinenero cha Gascon. Anzake ankamuyesa wamisala. Chondisangalatsa n'chakuti maulendo ambiri ankayenda panjinga, atanyamula zida zake zojambulira. Mmodzi mwa anthu oyambirira kupalasa njinga m'njira zamchengazi anali munthu amene nkhalangoyo sankaifuna n'komwe.

Tisaname, mitengoyo inabweretsa chuma. Chuma choyamba chinali utomoni. Munthu ankasema khungwa la paini ndi kankhwangwa, utomoni n'kumatsikira m'kamphika kadothi kokolekedwa pamtengopo, njira imene Pierre Hugues anaiyambitsa m'zaka za m'ma 1840. Utomoniwo ankautcheza n'kupanga mafuta osungunulira penti ndi zina zogwiritsa ntchito popanga sopo ndi mapepala. Nkhondo yapachiweniweni ya ku America, ya 1861 mpaka 1865, itaimitsa utomoni wochokera kum'mwera kwa dzikolo, mitengo yake inakwera kwambiri ndipo eni nkhalango analemera. Mitengo ina inkapita ku Britain kukachirikiza migodi ya malasha. Ana a abusa aja anasanduka osema utomoni m'nkhalango za eni ake, n'kumagawana nawo phindu, monga matenanti a m'maesiteti a fodya. Kagawidweko kanabutsa mikangano, ndipo mu 1906 ndi 1907 kunali sitalaka zikuluzikulu. Ntchitoyi inafooka pang'onopang'ono chifukwa cha utomoni wotchipa wa maiko ena ndi mankhwala opangidwa ku mafuta apansi, mpaka inatha cha m'ma 1990. Wopalasa njinga watcheru amaonabe zipsera zazitali pa mitengo ina yakale, ndi zigoba za timiphika tija mumchenga.

Mtengo wamtundu umodzi, wodzadza utomoni, pa mahekitala 1 miliyoni: aliyense amene anaonapo moto wa ku Chikangawa mu October akudziwa chotsatira. Mu August 1949, nkhalango itakhala zaka za nkhondo yosasamalidwa, moto unabuka cha ku Saucats n'kupsereza mahekitala pafupifupi 50,000. Mphepo itatembenuka mwadzidzidzi, anthu 82 amene ankazimitsa motowo anafa, ena asilikali, ambiri anthu wamba a m'midzi yozungulira. Zitachitika izi, eni nkhalango ndi boma analimbikitsa mabungwe oteteza moto, analambula mikwasa yotchinga moto, anakumba zitsime, ndi kutsegula misewu yowongoka yoti magalimoto ozimitsa moto azifika paliponse. Misewu yambiri imene njinga zimadutsamo lero ndi imeneyo. Njira zina zaphula zili pamene kale panali njanji zonyamula matabwa ndi utomoni, monga ya kuchokera ku Bordeaux kukafika ku Lacanau. Ndipo kuyambira 2012, njira za m'gombe zinalumikizidwa kukhala mbali ya Vélodyssée, msewu wa njinga wa makilomita oposa 1,200 wochokera ku Roscoff mpaka ku Hendaye kumalire ndi Spain.

Mphepo nayo inachita zake: namondwe Martin mu December 1999, kenako Klaus pa 24 January 2009, amene anagwetsa mitengo yochuluka m'maola ochepa chabe. Eni ake anadzalanso, ndipo mbali yaikulu anadzala paini yemweyo, chifukwa ndi mitengo yochepa imene imalola mchenga wosaukawo. Apa ndiye pali kusiyana ndi kwathu. Viphya inadzalidwa kwambiri kuyambira m'ma 1960 poyembekezera fakitale ya mapepala imene sinamangidwe, ndipo pamene macheka ndi moto zinkadutsa, kudzalanso kunkatsalira m'mbuyo. Ku Landes mahekitala pafupifupi 9 mwa 10 alionse ndi a anthu paokha, ndipo mwini mtengo amadzala chifukwa akudziwa kuti mwana wake ndiye adzadule. Kugulitsa malo kuja kumene kunapha moyo wa abusa ndi komwenso kwasunga nkhalangoyo. Mfundo imeneyi imandivuta, ndipo ndikaipereka ku Fomu 4 kalasi imagawanika pakati.

Zikutanthauzanso kuti wopalasa njinga akachoka m'nkhalango za boma za m'gombe, nthawi zambiri amakhala ali m'munda wa munthu. Amadutsa chifukwa mwini wake walola, ndipo nyengo ya chilala akuluakulu a boma amatha kutseka njirazo poopa moto.

Mu July 2022 moto unabukanso malo awiri tsiku limodzi, ku Landiras ndi ku La Teste-de-Buch. Wa ku La Teste unapsereza mahekitala pafupifupi 7,000, kuphatikizapo malo ogona alendo a m'munsi mwa Dune du Pilat, mulu wamchenga wotalika mamita oposa 100. Mbali yaikulu ya zimene zinapsa kumeneko sizinali mizere ya lamulo la 1857 ija. Inali nkhalango yakale yeniyeni, ya paini wosakanikirana ndi mitengo ina, imene inalipo Brémontier asanabadwe, momwe anthu a m'midzi yozungulira anali ndi ufulu wotola nkhuni ndi kudula milimo ya nyumba potsatira pangano la mu 1468.