Mapu a Seychelles ndi Mkaidi wa ku Mulanje

Nkhani yathu ya mbiri yakale lero iyambira pa mapu a amalinyero, koma itifikitsa patsinde pa phiri la Mulanje.

Mukatambasula mapu akale a Nyanja ya India, ndi kuyang'ana kum'maŵa kwa Mombasa pa mtunda wa makilomita pafupifupi 1,600, mudzaona timadontho tangati mapira otayikira pamphasa. Timeneto ndi zilumba za Seychelles. Mfalansa wina, Lazare Picault, anafikako mu 1742 napeza kulibe anthu. Atabwererako mu 1744 anatcha chilumba chachikulu dzina lakuti Mahé, polemekeza bwanamkubwa amene anamtuma, Mahé de La Bourdonnais. Mu 1756 Afalansa anaimikako mwala wosonyeza kuti zilumbazo nzawo, nazipatsa dzina la nduna yawo ya zachuma, Moreau de Séchelles. Angerezi anazitenga pa pangano la ku Paris mu 1814.

Mapu otereŵa anajambulidwira oyendetsa zombo. Amasonyeza kuya kwa madzi, matanthwe obisika ndi malo okocheza. Koma akuluakulu a ku London, poyang'ana mapu omwewo, anaonapo ndende yosalira mpanda. Mahé ndi makilomita 27 okha m'litali mwake. Phiri la Mulanje lokha nlalikulu kuposa chilumba chonsecho, ndipo nsonga yake yaitali koposa, ya mamita 905, siifika ngakhale pa gawo limodzi mwa magawo atatu a Sapitwa. Munthu akaikidwa pamenepo angathaŵire kuti?

Nzeru imeneyi Angerezi anali ataiyesa kale pa chilumba cha St Helena, kumene anasungirako Napoleon kuyambira 1815 kufikira imfa yake mu 1821, ndiponso Dinuzulu, mfumu ya Azulu, kuyambira 1890. Ku Seychelles anatumizako Prempeh, mfumu ya Asante, mu 1900, ndipo mu 1901 anatumizako mafumu aŵiri a ku Uganda, Mwanga ndi Kabalega. Mwanga anafera komweko mu 1903.

M'gulu la mafumu otereŵa mudaloŵa Mmalaŵi amene analibe ufumu kapena asilikali, Elliot Kenan Kamwana. Iye anali Mtonga wa m'dera la Nkhata Bay, ndipo anaphunzira ku Bandawe ndi ku Livingstonia. Ali ku South Africa anakumana ndi Joseph Booth, amene anamphunzitsa chiphunzitso cha Watch Tower. Atabwerera kwawo mu 1908 anabatiza anthu oposa 9,000 m'miyezi yoŵerengeka. Ulaliki wake unali wakuti mu 1914 maufumu a dziko lapansi adzatha, ndipo msonkho udzatha nawo. Kwa anthu olemedwa ndi msonkho wa nyumba, mau ameneŵa anali ngati mvula yoyamba. Kwa boma la atsamunda anali ngati moto wolusa kutchire, kotero mu 1909 bwanamkubwa Alfred Sharpe analamula kuti amgwire.

Pambuyo pake Kamwana anakakhala ku Chinde, kumathiriro a Zambezi, m'dziko la Apwitikizi. Mu 1914, chaka chimene nkhondo yaikulu inabuka, Apwitikizi anambweza kuno, ndipo boma linamsunga ku Mulanje moyang'aniridwa. Maganizo awo anali akuti Mulanje ndi kutali ndi kwawo kwa Atonga, choncho mau ake adzazilala.

Pa 23 January 1915 John Chilembwe anaukira atsamunda ku Chiradzulu, ndipo pa 3 February anaphedwa m'boma la Mulanje, pafupi ndi malire. Kamwana sanagwire nawo mfuti, koma boma linagwidwa ndi mantha pa mlaliki aliyense wosakhala pansi pa mishoni za Azungu. Linaonanso kuti Mulanje si ndende yokwanira. Phiri lili ndi njira, malire ali pafupi, alendo amafika, ndipo kalata imayenda m'thumba la munthu wapaulendo. Tsono mu 1916, osamzenga mlandu m'bwalo lililonse, anamkweza chombo kupita naye ku Mauritius, ndipo kenaka ku Seychelles.

Taganizani, omvera, munthu wakulira m'mphepete mwa nyanja ya madzi okoma, kumene bwato limakufikitsa kwa abale ako, akuyang'ana nyanja yamchere yopanda tsidya looneka. Prempeh analoledwa kubwerera kwawo mu 1924. Kabalega anamasulidwa mu 1923 koma anafera panjira, ku Jinja. Kamwana anatsalabe mpaka 1937. Zaka zoposa 20 zinapita chifukwa cha ulaliki wa miyezi yochepa.

Kodi nyanja inakwanitsa chimene phiri linalephera? Ayi. Ali kutali, chiphunzitso cha Watch Tower chinafalikira ndi anthu opita ku migodi, mpaka ku maiko amene lero ndi Zambia, Zimbabwe ndi Congo. Mwini wake atabwerera anayambitsa mpingo wake wa Mlonda, nautsogolera kufikira imfa yake mu 1956. M'chaka chomwecho Angerezi anatumiza ku Seychelles mkaidi winanso, Bishopu wamkulu Makarios wa ku Cyprus. Iye anatuluka mu 1957, nakhala pulezidenti wa dziko lake mu 1960. Zilumbazo zinalandira ufulu mu 1976.

Pa mapu akalewo mudzapeza maina a nduna za ku France ndi dzina la Mfumukazi Victoria, limene likulu la zilumbazo linapatsidwa mu 1841. Dzina la Kamwana simudzalipezapo. Ojambula mapu analemba za kuya kwa madzi, koma za anthu amene anakhala m'mphepete mwa madziwo akulakalaka kwawo anatisiyira ife kuti tizikumbukira. Tsalani bwino, omvera.