M'mene Dziko Lathu Linatulukira m'Chitaganya

Nkhani yokambidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa Zaulimi wa ku Blantyre

Masiku onse ndikadza pano ndimakamba za mbewu, za manyowa ndi za mizere. Lero ndapempha malo kuti ndikambe nkhani yakale, ndipo chifukwa chache ndi ichi. Tsiku lina tinali kukhoma zikhomo za akalozera m'munda wina wotsetsereka ku Machinjiri, ndipo mwini munda, gogo wa imvi, anandifunsa moseka nati, "Kodi alangizi, ndikakana mundimangitsa monga kale?" Anyamata amene tinali nawo sanadziwe chimene gogoyo anali kunena. Funso lachelo likutifikitsa pa nkhani ya Chitaganya, ndiponso pa funso lina lalikulu lakuti: kodi mwini mphamvu yopanga malamulo m'dziko ndani?

Tiyambe ndi m'mene zinthu zinalili. Kuyambira chaka cha 1891 dziko lino linali lotetezedwa ndi Angerezi. Bwanamkubwa anali kukhala ku Zomba pamodzi ndi kabungwe kache ka malamulo, koma mphamvu yeniyeni inali ku Nyumba ya Malamulo ya ku London. Tsono Angerezi ali ndi mwambo wao wakale pa za Nyumba imeneyi. Iwo amati palibe bwalo la milandu limene lingafafanize lamulo lopangidwa ndi Nyumbayo, ndiponso aphungu a lero sangamange manja a aphungu a mawa. Chimene Nyumbayo yamanga, Nyumba yomweyo ikhoza kumasula. Mugwire mau amenewa, pakuti tidzawapezanso kutsogoloku.

M'chaka cha 1953 Nyumba imeneyi inapanga lamulo lophatikiza maiko atatu: Nyasaland, Northern Rhodesia amene lero ndi Zambia, ndi Southern Rhodesia amene lero ndi Zimbabwe. Ichi ndicho Chitaganya, ndipo likulu lache linali ku Salisbury, kumene makolo athu opita ku ntchito ankati ku Halale. Boma la Chitaganya linatenga za asilikali, za zipatala, za mtengatenga wa makalata, msonkho wa katundu wolowa m'dziko ndi msonkho wa pa malipiro. Za minda ya anthu akuda, za mafumu ndi za sukulu za ana athu zinatsala ku Zomba. Nyumba ya Malamulo ya Chitaganya inayamba ndi aphungu 35, koma akuda anali 6 okha, ndipo a kuno anali awiri, a Wellington Manoah Chirwa ndi a Clement Kumbikano.

Inu mafumu mumadziwa za ukwati. Ankhoswe ndiwo amamanga ukwati, koma nkhoswe yanzeru imayamba yafunsa mwini wache. Pano nkhoswe inamanga ukwati mkwatibwi akulira. Bungwe la Nyasaland African Congress, limene linayambika ku Blantyre konkuno m'chaka cha 1944, linakana. Mafumu anasonkha ndalama natumiza anzao ku London kukadandaula, koma sanaloledwe kuonana ndi Mfumukazi. Chimene anali kuopa chinali chodziwika. Amuna ambiri a kuno anali atagwirako ntchito ku Halale ndi ku Joni, ndipo anaona ndi maso ao malamulo a mapasi ndi m'mene nthaka yabwino inaperekedwera kwa Azungu. Anadziwa kuti amene agwira Nyumba ya Malamulo, tsiku lina adzagwiranso nthaka.

Apa ndi pamene nkhani ya mizere ikulowa. Zaka zomwezo Boma linali kukakamiza malamulo a malimidwe, makamaka itapita njala ya 1949 imene inasautsa kwambiri anthu a boma la Blantyre. Mlimi anayenera kulima mizere yopingasa, kuunda milambala, ndi kuzula mapesi a fodya ndi thonje pa tsiku loikika. Wolephera anali kulipitsidwa kapena kumangidwa, ndipo mlandu wache unali kuweruzidwa pa bwalo la mfumu. Malamulowa sanachokere ku Salisbury ai, anali a ku Zomba. Koma kwa mlimi zonse zinali chimodzi, pakuti onsewo anali malamulo opangidwa ndi anthu amene iye sanawasankhe. Inkosi Gomani ya ku Ntcheu, Philip Gomani, amene kale anali kulimbikitsa malimidwe, anauza anthu ache m'chaka cha 1953 kuti aleke kumvera malamulowo pokana Chitaganya. Boma linamchotsa pa ufumu, ndipo anamwalira chaka chotsatira. M'mwezi wa Ogasiti chaka chomwecho cha 1953 kunabuka chipolowe ku Thyolo chimene chinafalikira m'maboma ena, ndipo anthu 11 anaphedwa.

Sitinganene kuti Chitaganya sichinabweretse kanthu, pakuti limenelo lingakhale bodza. Ndalama zina zochokera ku migodi ya kopa ya ku Northern Rhodesia zinafika kuno, ndipo chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre chinamangidwa m'zaka zimenezo. Koma mafakitale ambiri anamangidwa ku Salisbury ndi ku Bulawayo, damu lalikulu la magetsi linamangidwa ku Kariba, ndipo ntchito ya pa mtsinje wa Shire inakankhidwira kumbuyo, kotero kuti magetsi a ku Nkula anadzayaka m'chaka cha 1966, Chitaganya chitatha kale. Dziko lathu linali nkhokwe yotapamo antchito. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

M'chaka cha 1956 anthu akuda asanu analowa m'kabungwe ka malamulo ku Zomba, ndipo mwa iwo munali anyamata awiri olankhula mosaopa, a Henry Masauko Chipembere ndi a Kanyama Chiume. Iwo ndi anzao anaitana Dr. Hastings Kamuzu Banda, amene anatsika ndege pa Chileka pa 6 Julayi 1958, nanena poyera kuti wadzera zinthu ziwiri: kuphwanya Chitaganya ndi kutenga ufulu wodzilamulira. Inu a ku Ndirande dziwani kuti kwanuko kunali kuchimake kwa Congress. A Lawrence Makata a ku Ndirande ndi a Lali Lubani, anthu amalonda, anali m'komiti yaikulu ya bungwelo pamodzi ndi a Dunduzu Chisiza ndi mai Rose Chibambo. Mukamayenda pa mseu wa Makata kapena wa Lali Lubani, muzikumbukira kuti maina amenewa ndi a anthu a nkhani yomwe ino.

M'bandakucha wa pa 3 Malichi 1959 Bwanamkubwa Sir Robert Armitage analengeza kuti zinthu zafika poopsa m'dziko, naletsa Congress. Asilikali a ku Southern Rhodesia anali atafika kale. Dr. Banda anagwidwa kunyumba kwache ku Limbe natengedwa kupita ku ndende ya Gwelo. Anthu oposa 1,300 anatsekeredwa popanda mlandu, ena ku Khami pafupi ndi Bulawayo, ambiri ku Kanjedza pafupi ndi Limbe. Ku Nkhata Bay asilikali anaombera khamu la anthu pa doko. Boma la ku London linatumiza woweruza milandu, Bwana Devlin, kudzafufuza. Iye anapeza kuti anthu 51 anaphedwa m'masabata amenewo, kuti umboni wa chiwembu chofuna kupha Azungu onse, chimene Boma linanena, unali wosakwanira, ndi kuti pafupifupi munthu wakuda aliyense m'dziko muno anali wokana Chitaganya. Ndicho chifukwa chache tsiku la 3 Malichi timapuma pokumbukira ofera dziko.

Tsono tamverani bwino apa. Mwazi unakhetsedwa, koma mwazi wokha sunathetse Chitaganya. Chinatsala ndi kusonyeza ankhoswe aja, mwa njira imene iwo sakanatha kuikana, kuti mwini ukwati sakufuna. Pa 30 Sepitembala 1959 a Orton Chirwa ndi anzao anayambitsa Malawi Congress Party. Dr. Banda anatulutsidwa pa 1 Epulo 1960, napita kukakambirana ku Lancaster House ku London. M'mwezi wa Okotobala chaka chomwecho bungwe lina lofufuza, la Bwana Monckton, linalangiza kuti dziko lofuna kutuluka m'Chitaganya lipatsidwe njira yotulukira. Ndipo pa 15 Ogasiti 1961 kunachitika chisankho. Si onse analoledwa kuponya voti, pakuti panali zoyenereza za maphunziro, za chuma ndi za msonkho, koma olembetsa anaposa 100,000. Pa mipando 28 yosankhidwa, Malawi Congress Party inatenga 22. Kuyambira tsiku limenelo kabungwe ka ku Zomba kanayamba kulankhula ndi mau a eni dziko.

Nduna Yaikulu ya Chitaganya, Sir Roy Welensky, inakana kwamtuwagalu. Iye anati Angerezi analonjeza pachiyambi kuti palibe dziko lidzatuluke popanda chilolezo cha maboma onse, ndiponso kuti m'chaka cha 1957 anagwirizana kuti London sidzapanga malamulo pa zinthu za Chitaganya popanda kupemphedwa. Apa ndi pamene mwambo uja unagwira ntchito. Boma la ku London linayankha kuti palibe lonjezo limene lingalande Nyumba ya Malamulo mphamvu yomasula chimene inamanga yokha. Pa 19 Disembala 1962 nduna ya Angerezi, Bwana R. A. Butler, inalengeza m'Nyumbamo kuti Nyasaland adzaloledwa kutuluka. Northern Rhodesia, mwini kopa, anafunanso zomwezo, ndipo Chitaganya sichikanaima popanda ndalama zache. Dr. Banda anakhala Nduna Yaikulu pa 1 Febuluwale 1963. Pakati pa chaka chimenecho maboma anakumana ku Victoria Falls kugawana katundu, ngongole ndi antchito, monga zimakhalira banja likatha. Nyumba ya ku London inapanga lamulo lina, ndipo pakati pa usiku wa 31 Disembala 1963 Chitaganya chinatha. Ku Blantyre anthu anachita maliro ache natentha bokosi. Pa 6 Julayi 1964, mwa lamulo linanso la Nyumba yomweyo, mbendera ya Malawi inakwezedwa pa bwalo la masewera limene lero timati Kamuzu Stadium.

Taonani kusiyana kwache ndi anansi athu. Azungu a ku Southern Rhodesia, motsogozedwa ndi Ian Smith, anadzilengezera okha ufulu pa 11 Novembala 1965 popanda lamulo la ku London ndi popanda kufunsa anthu akuda. Palibe dziko linawavomereza, ndipo kunatsatira nkhondo kufikira Zimbabwe anabadwa m'chaka cha 1980. Angerezi eni ache nawonso anadzakumana ndi funso lomweli. M'chaka cha 2016 anaponya voti yotuluka mu mgwirizano wa maiko a ku Ulaya, koma bwalo lao lalikulu linagamula m'chaka cha 2017 kuti nduna sizingayambe kutuluka Nyumba ya Malamulo isanalole, ndipo anatuluka pa 31 Januwale 2020.

Koma musayese kuti kutuluka kunali kwaulere. Zipatala, makalata ndi asilikali zinagwera pa mutu pathu, ndipo kwa zaka zingapo Boma lathu linali kulandira thandizo la Angerezi kuti likwanitse kulipira antchito ache. Boma litaika tiki ya kuchipatala anthu anadandaula, ndipo tikiyo inali chimodzi mwa zifukwa za mkangano wa nduna wa mu Sepitembala 1964, pamene a Chipembere, a Chiume, a Orton Chirwa ndi ena anachoka m'Boma. Chinanso ndi ichi: Nyumba ya Malamulo imene tinaimenyera inadzakhala yofooka. M'chaka cha 1966 dziko linakhala la chipani chimodzi, m'chaka cha 1971 Dr. Banda anakhala pulezidenti wamuyaya, ndipo anthu anatsekeredwanso popanda mlandu monga m'masiku a Kanjedza. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anaponya voti yofuna zipani zambiri. Malamulo aakulu a dziko amene anayamba m'chaka cha 1994 sanatsate mwambo wa Angerezi uja. Kwathu kuno malamulo aakuluwo ndiwo ali pamwamba, ndipo bwalo la milandu likhoza kufafaniza lamulo la aphungu likasemphana nawo. Tinaphunzira kuti mphamvu yopanda malire njoopsa, ikhale ku London, ku Salisbury kapena kwathu konkuno.

Ndibwerere kwa gogo wa ku Machinjiri uja. Chitapita chisankho cha 1961 Dr. Banda anakhala nduna yoona za nthaka ndi ulimi, ndipo kumanga anthu chifukwa cha malimidwe kunalekeka. Ambiri anagumula milambala ndi chimwemwe. Koma mvula sidziwa ndale. Yang'anani phiri la Ndirande, la Soche ndi la Bangwe m'mene aliri, ndipo yang'anani madzi a Mudi mvula ikagwa. Dothi lofiira limene likupitalo ndi nthaka yomwe ija makolo anaikanira Chitaganya. Mzere wopingasa sunali wolakwa. Cholakwa chinali chikwapu, ndi kusafunsa mwini munda.

Chotero ndinamuyankha gogoyo kuti, "Iai agogo, sindingakumangitseni. Munda ngwanu." Ndipo kwa inu mafumu pempho langa ndi ili. Mukafuna kuika lamulo la m'mudzi, la mitengo, la mbuzi kapena la kulima m'mbali mwa mtsinje, itanani anthu pabwalo, amuna ndi akazi omwe, alankhule asanamangidwe nalo. Phungu wanu akabwera kumudzi mumfunse chimene wakanena ku Lilongwe m'dzina lanu. Ndipo nthawi ya kalembera wa voti ikafika, musalole munthu wa m'mudzi mwanu kutsala, pakuti makolo athu ambiri m'chaka cha 1961 anaima kunja kwa mpanda kuonerera anzao akuponya.

Sabata ya mawa tidzakamba za kuunda akalozera ndi kubzala udzu wa vetiva.