Magalasi akale a maso ndi ntchito za bungwe la Lions: zofunika kudziwa kwa anthu a ku Luangwa

Boma la Luangwa, lomwe kale linkatchedwa Feira, lili m'chigawo cha Lusaka, pomwe mtsinje wa Luangwa umathira mu Zambezi, moyang'anizana ndi Zumbo ku Mozambique komanso Kanyemba ku Zimbabwe. Anthu ambiri m'derali amadalira usodzi, ulimi ndi kuluka mphasa ndi madengu. Kusoka ukonde ndi kuluka zimafuna maso akuthwa, koma munthu akapitirira zaka 40 amayamba kuvutika kuona tinthu tating'ono tapafupi. Vutoli limatha ndi magalasi oyenera.

Lipoti la bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO la chaka cha 2019 linati anthu osachepera 2.2 biliyoni ali ndi vuto la maso, ndipo mwa iwowa, osachepera 1 biliyoni ali ndi vuto lomwe likanapewedwa kapena lomwe silinalandire chithandizo.

Limodzi mwa mabungwe odzipereka omwe amalimbana ndi vutoli ndi la Lions Clubs International, lomwe linayambitsidwa ndi a Melvin Jones mumzinda wa Chicago ku America m'chaka cha 1917. M'chaka cha 1925 mayi Helen Keller, omwe anali osaona ndiponso osamva, anapempha mamembala ake kuti aziyimira anthu osaona. Kuchokera pamenepo maso akhala ntchito yaikulu ya bungweli. Magulu ake m'dziko la Zambia ali pansi pa District 413, pamene ku Malawi zipatala za maso za Lions SightFirst zili ku Lilongwe ndi ku Blantyre.

Pa ntchito yotolera magalasi akale, mamembala amaika mabokosi m'masukulu, m'matchalitchi ndi m'masitolo. Magalasiwo amatumizidwa kumalo apadera komwe amatsukidwa, osweka ndi okalikakalika n'kutayidwa. Otsalawo amapimidwa ndi makina kuti mphamvu yake idziwike, kenako amalembedwa ndi kukaperekedwa kwaulere kwa osowa.

Komabe akatswiri a maso amachenjeza kuti magalasi amapangidwa molingana ndi maso a munthu mmodzi, ndipo kawirikawiri diso lamanja limasiyana ndi lamanzere. Magalasi osayenera amabweretsa litsipa, chizungulire ndi kutopa kwa maso. Kafukufuku wina wofalitsidwa m'chaka cha 2012 anapeza kuti pa magalasi 100 alionse operekedwa, 7 okha ndiwo anali oti n'kuvalidwanso, ndipo kuwakonza kunkadya ndalama zambiri kuposa kugula atsopano otsika mtengo. N'chifukwa chake mabungwe ena a zamaso amalimbikitsa magalasi atsopano, makamaka owerengera.

Ku mbali ya achinyamata, bungweli lili ndi magulu a Leo, omwe loyamba linakhazikitsidwa ku Pennsylvania m'chaka cha 1957. Maguluwa amalandira achinyamata a zaka 12 mpaka 30 ndi kuwaphunzitsa utsogoleri kudzera m'ntchito zothandiza anthu. Palinso maphunziro a Lions Quest, ophunzitsa ana kudziletsa ndi kupewa mankhwala osokoneza bongo, komanso ntchito yopima maso a ana asukulu. Mwana wosaona bwino pa bolodi amatsalira m'kalasi, ndipo ena amamuyesa waulesi.

Kwa anthu a ku Luangwa, mfundo yaikulu ndi yakuti munthu apimidwe maso asanalandire magalasi, kaya akale kapena atsopano. Poyambira ndi chipatala chapafupi, monga cha boma kapena cha mishoni cha Katondwe, komwe wodwala angatumizidwe kwa akatswiri. Ng'ala, yomwe imavuta kwambiri okalamba, siithetsedwa ndi magalasi koma opaleshoni.

Tsiku lokumbukira maso padziko lonse limachitika Lachinayi lachiwiri la mwezi wa October chaka chilichonse.