Mbiri ya Milandu Yofuna Katundu Wolandidwa

Ku Heavy Industrial Area mumzinda wa Lusaka, m'mbali mwa msewu wa Mungwi, chuma chonse cha mmisiri wa ku Kanyama kapena ku George ndi makina ake owotcherera zitsulo. Wina akabwereka n'kukana kubweza, ana kunyumba amagona ndi njala. Lamulo lomwe mmisiriyu angadalire ndi lakale kuposa mzinda wa Lusaka.

Linayambira ku England m'zaka za m'ma 1200. Mwini malo akagwira ng'ombe za munthu chifukwa cha lendi, mlandu wa replevin unkalola munthuyo kutenga ziweto zake atapereka chikole, mlandu usanazengedwe. Wokanizidwa katundu ankasuma mlandu wa detinue, koma njirayi inali yopweteka mtima. Woimbidwa mlandu ankangolumbira kuti alibe kanthu, anzake 11 n'kulumbira kuti akunena zoona, basi nkhani yatha. Mwambowu unathetsedwa mu 1833.

Pothawa malumbirowo, maloya anatulukira mlandu wa trover, wonamizira kuti katunduyo anatayika ndipo winayo anangotola. Mu 1722, pa mlandu wa Armory ndi Delamirie, mnyamata wosesa m'machumuni anatola chokongoletsera cha mwala wamtengo wapatali n'kupita nacho kwa wosula golide. Wophunzira ntchito pashopupo anazula mwalawo, namubwezera chibowo chokha. Khoti linagamula kuti mnyamatayo ali ndi ufulu kuposa aliyense kupatula mwini wake weniweni, ndipo ngati mwalawo suoneka, alipidwe mtengo wa mwala wabwino koposa wokwana pachibowocho. Ine chigamulo chimenechi ndimachilemekeza, chifukwa sichinayang'ane mwaye wa pankhope ya mwanayo.

Komabe trover inkangopereka ndalama, pamene mmisiri amafuna chida chake chenichenicho. Mu 1854 m'pamene makhoti anapatsidwa mphamvu yolamula, pa mlandu wa detinue, kuti katunduyo abwezedwe ndithu.

Zambia inatengera malamulo a ku England omwe ankagwira ntchito pa 17 Ogasiti 1911. Choncho pamene England inathetsa detinue mu 1977, ku Zambia inatsala, ndipo mpake kutero. Pa mlanduwu khoti limafunsa ngati mwini anaitanitsa katundu wake n'kukanizidwa. Ambiri amathera masabata akukangana pakamwa pageti la garaja, chonsecho chimene woweruza adzafune kuona ndi kalata yokhala ndi tsiku, yonena chida chomwe akufuna, ndi umboni woti winayo anailandira.