Komiti ya madzi: chimene chimasunga mjigo wa m'mudzi

M'midzi yambiri ya m'maboma a Tsangano ndi Macanga, madzi akumwa amachokera pa mjigo. Boma kapena mabungwe ndiwo amakumba, koma mjigo ukaperekedwa, ntchito youyang'anira ndi kuukonza imatsala m'manja mwa eni mudzi. Ndondomekoyi inakhazikika mu Mozambique ndi mfundo za dziko zokhudza madzi za mu 1995, ndipo pulogalamu ya madzi a kumidzi ya PRONASAR, yomwe inayamba mu 2010, inaipitiriza.

Pampu yake

Mijigo yambiri kuno ili ndi pampu ya Afridev. Chiyambi chake ndi pampu ya Maldev, yomwe inayesedwa ku Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 m'chigwa cha Livulezi ku Ntcheu, boma lochita malire ndi Tsangano. Pambuyo pake inakonzedwanso ku Kenya. Imatha kukoka madzi pa kuya kwa mamita 45, ndipo inapangidwa kuti anthu a m'mudzi azitha kuimasula okha ndi sipanala, popanda makina.

Zimene zimatha msanga ndi timaraba ta mkati ndi tizipangizo tapulasitiki ta pa chogwirira. Mtengo wake ndi wochepa, ndipo pa mjigo wotungidwa kwambiri timafunika kusinthidwa pafupifupi chaka chilichonse. Tikasiyidwa, zitsulo zimayamba kukhula mapaipi mpaka kuwaboola, ndipo vuto la ndalama zochepa limasanduka lalikulu.

Ntchito ya komiti

Komiti ya madzi imasankhidwa ndi mudzi. Kawirikawiri imakhala ndi anthu 12, amayi ndi abambo mofanana, m'magulu atatu: loyendetsa ndi kusunga ndalama, lokonza pampu, ndi loona zaukhondo. Mabanja amagwirizana ndalama yosonkha, ndipo mlembi amalemba m'kaundula zolowa ndi zotuluka. Vuto likaposa nzeru za komiti, amaitana mekaniko wa m'deralo kapena kudziwitsa ofesi ya boma ya SDPI, ku Tsangano kapena ku Furancungo.

Chifukwa chake mijigo imafa

Bungwe la Rural Water Supply Network linalengeza mu 2009 kuti kumwera kwa chipululu cha Sahara, pafupifupi mjigo umodzi mwa itatu sunkagwira ntchito. Zifukwa zake n'zodziwika. Anthu amaleka kusonkha madzi akamatuluka bwino, ndiye tsiku lowonongeka thumba limapezeka lopanda kanthu. Ndalama zikasowa osafotokozedwa, anthu amataya chikhulupiriro. Amene anaphunzitsidwa kukonza amasamuka kapena kumwalira osasiya wina. Zipangizo nazo zimapezeka kutali, mwakuti ulendo wa ku Ulónguè kapena ku Tete ungadye ndalama zoposa mtengo wa kachipangizoko.

Mjigo ukafa, amayi ndi atsikana amabwerera ku mitsinje ndi zitsime za m'madambo. Kolera ya mu 2022 ndi 2023, yomwe inapha anthu oposa 1,700 ku Malawi n'kufikanso m'chigawo cha Tete, inaonetsa kuopsa kwa madzi otere.

Zimene zimathandiza

Mlimi salandira ndalama mwezi ndi mwezi. Choncho kusonkha kumapepuka kukaikidwa nthawi yokolola, pamene wa ku Ntengo-wa-Mbalame wagulitsa mbatata ya kachewere, kapena wa ku Chidzolomondo walandira za fodya. M'midzi ya m'malire, kumene metikali ndi kwacha zimayendera limodzi, ndi bwino kusandutsa ndalama kukhala zipangizo msanga, chifukwa raba yosungidwa sigwa mphamvu ngati ndalama. Kaundula aziwerengedwa pa msonkhano wa mudzi, mfumu ilipo. Okonza asakhale munthu mmodzi, ndipo pakhale amayi pakati pawo, popeza ndiwo amayamba kuzindikira chogwirira chikayamba kugwedera kapena madzi akamachedwa kutuluka m'mawa.